Makina a 3D a pa sekondale yathu: otchipa angapo kapena amodzi odula?

Wapampando: Abale ndi alongo, tidagwirizana kale kuti gawo la ndalama zachitukuko ligule makina a 3D, aja amasungunula ulusi wa pulasitiki n'kuumba nawo zinthu, kuti akayikidwe m'chipinda cha sayansi pa sekondale yoyendera ya kwathu. Chatsala ndi kusankha mtundu wake. Ndikupempha omwe akuwadziwa bwino makinawa kuti atiunikire tisanatulutse ndalama za anthu.

Membala wa ku Johannesburg: Zikomo Bambo Wapampando. Ine ndikuona kuti tigule otchipa angapo. Makina a Ender 3 a kampani ya Creality, omwe adatuluka mu 2018, ankagulitsidwa pa madola pafupifupi 200, pomwe a Prusa MK4, opangidwa ku Prague, ankapitirira madola 1,000 mu 2023 akakhala olumikizidwa kale. Onsewa amagwiritsa ntchito filamenti (ulusi wa pulasitiki uja) yofanana ya mamilimita 1.75, kabowo kotulukira pulasitiki n'ka mamilimita 0.4, ndipo kukula kwa chinthu chomwe angaumbe sikusiyana kwenikweni, chifukwa mbale youmbirapo ndi ya masentimita 20 ndi pang'ono. Chinthu chokula ngati chibakera chimatenga maola angapo kuti chithe, ndiye kalasi yodzaza ngati za kwathu zija idzadikira mpaka liti pa makina amodzi? Zipangizo zosinthira za otchipawa zimapezeka kuno mosavuta, ndipo tingathe kumazitumiza pa basi.

Membala wa ku Manchester: Achimwene, mfundo yanu ya kuchuluka kwa ana ndaimva, koma sindikugwirizana nanu pa zotsalazo. Mtengo wa makina otchipa umabisala m'nthawi ya munthu wowasamalira. Pa Ender 3 yoyambirira ija, munthu amayenera kulinganiza mbale ndi manja, kupotokola timagudumu tinayi ta pansi pake uku akulowetsa pepala pakati pa mbale ndi kabowo mpaka pepalalo lizikhula pang'ono chabe. Akalakwitsa pang'ono, mzere woyamba sumamatira, ndipo pobwera pakatha maola awiri amapeza pulasitiki itangopotana m'malo mwa chinthu chomwe amafuna. Makina odula amadzilinganiza okha, amaima filamenti ikatha, ndipo amapitiriza pomwe adalekera magetsi akabwerera. Tonsefe tikudziwa zipangizo zomwe zidaperekedwa m'masukulu ndi mtima wabwino koma lero zidafunditsidwa nsalu pakona chifukwa chosowa wozikonza, ndipo sindikufuna kuti thukuta lathu likathere pamenepo.

Aphunzitsi a sayansi: Ndathokoza pondilowetsa m'zokambiranazi, makolo anga. Ndilongosole kaye zomwe tikufuna kuumba, chifukwa n'zimene ziyenera kutitsogolera. Tikusowa zifanizo za mtima, impso ndi maselo zoti mwana azigwira m'manja m'malo mongoona chojambula pa bolodi, tikusowa timipira tolumikizana tophunzitsira mamolekyu, zoikamo machubu oyesera mankhwala, komanso tizigwiriro ta maikulosikopu tomwe tidathyoka. Zonsezi zimatheka ndi pulasitiki ya PLA, yomwe imasungunuka pa madigiri pafupifupi 200 ndipo makina alionse amaikwanitsa. Pulasitiki ya ABS, yomwe imafuna makina otsekedwa m'bokosi ndiponso imatulutsa fungo loipa, sitikuifuna m'chipinda cha ana. Chofooka cha PLA n'chakuti imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, kotero chinthu chosiyidwa padzuwa la mu Okutobala chingathe kupindika, koma zathuzi n'zokhala m'kabati.

Nkhawa yanga yaikulu ndi magetsi. Ngakhale makina atakhala opitiriza pomwe adalekera, magetsi akazima kwa maola ambiri mbale imazizira, chinthu chija n'kumatuka, ndipo ntchito yonse imaonongeka. Ndikupempha kuti inveta ndi batire zikhale m'gulu la zogula zoyambirira. Tidzafunikanso zidebe zotseka bwino, chifukwa filamenti imayamwa chinyezi nthawi ya dzinja n'kumathyokathyoka, pomwe m'chilimwe fumbi limalowa paliponse.

Msungichuma: Aphunzitsi anena zomwe zimandivutitsa maganizo. Mitengo yomwe yatchulidwayi ndi ya kusitolo kunja. Tionjezerepo zonyamulira, msonkho wa pachipata, ndi vuto lopeza ndalama zakunja. Kumbukirani kuti kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo filamenti, yomwe imabwera m'mikukuluzi ya kilogalamu imodzi, tidzakhala tikuigula chaka ndi chaka ndi ndalama zakunja zomwezo. Tikagula odula aja, sipatsala kanthu ka batire kapena ka maphunziro. Maganizo anga ndi oti tigule makina awiri otchipa koma amakono, monga Ender 3 V3 SE, omwe amalinganiza mbale okha, ndipo yotsalayo ipite ku inveta, batire, filamenti ya chaka chimodzi ndi timabowo tosinthira.

Membala wa ku Manchester: Mayi Msungichuma, ngati ndi odzilinganiza okha, theka la nkhawa yanga lachoka, ngakhale ndikukhulupirirabe kuti odula akadatisunga zaka zambiri. Ndivomera pokhapokha tikaphunzitsa aphunzitsi awiri, osati mmodzi, chifukwa mphunzitsi wa boma amasamutsidwa nthawi ina iliyonse. Ndikufunanso tidziwe ngati kompyuta ya pasukulupo ingakwanitse mapulogalamu aulere a Cura ndi FreeCAD, ojambulira ndi kukonzera zinthu zoti makinawa aumbe, omwe amagwira ntchito popanda intaneti.

Wapampando: Aphunzitsi, mutiyankhe za kompyutayo pofika Lachitatu, ndipo mukambirane ndi ahedi za mnzanu wachiwiri woti aphunzire nanu. Achimwene a ku Johannesburg atipezere mitengo yolembedwa ya njira zonse ziwiri, pamodzi ndi zonyamulira, kuti Loweruka tidzavote tili ndi manambala pamaso.