Ndithandizeni: ana anga aonere za ukapolo pa TV kapena ndidikire akule kaye?

Moni nonse m'gulu muno, monire mose. A Admin chonde ndiloleni, nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Ndine mayi wa ana awiri, timakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Wamkulu ndi mnyamata wa zaka 13, wamng'ono ndi mtsikana wa zaka 9. Lamulungu lapitali madzulo, mvula ili waa padenga, tinkadya nsima ya usipa pabalaza TV ili chiyatsire. Bambo awo anasiya pa tchanelo pomwe ankaonetsa pulogalamu ya mbiri ya malonda a akapolo. Poyamba sindinaikeko mtima, mpaka pamene anaonetsa anthu ali pamzere, magoli m'khosi, mayi wina mwana ali kumbuyo. Mtsikana wanga anangoti zii, mbamu ili m'manja. Kenako anandifunsa kuti, "Amayi, anawagulitsa ndani?"

Ndisanatsegule pakamwa, mchimwene wake anayankha kuti Aluya ndi Ayao, akuti ndi mmene anamvera kusukulu. Ine mtima unangoti phwii, ndinatenga limoti n'kuzimitsa TV, ndikuti idyani mukagone.

Vuto lenileni ndi ili. Mnzake wapamtima wa wamng'onoyu ndi mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe, makolo ake ndi Ayao a ku Mangochi, anthu abwino kwambiri, timabwerekana mpaka mchere. Lolemba pochokera kusukulu mwana wanga anakamufunsa mnzakeyo ngati agogo ake ankagulitsa anthu. Mwana wa eni anapita kwawo akulira. Ndinakapepesa kwa mayi ake, anandilandira bwino, koma manyazi sanandichoke mpaka lero.

Ndikudziwa kuti ndinalakwitsa pozimitsa TV osafotokoza chilichonse, chifukwa mwanayo anatsala ndi mawu awiri okha aja. Ndipo ine sindikufuna kuwabisira ana anga mbiri imeneyi. Kwathu ndi ku Nkhotakota, ndinakula ndikuuona mtengo uja akuti Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, Mswahili wochita malonda a akapolo, koma kunyumba palibe anandikhazikapo pansi kundiuza kuti pagombe lomwe tinkachapira lija ndi pomwe anthu ankakwezedwa m'zombo kuwolotsedwa nyanja. Sindikufuna ana anga akule chonchi. Bambo awo akuti wamng'onoyo asamaonerenso zimenezi mpaka afike ku sekondale. Ine ndikuona ngati madzi atayika kale.

Ndiye inu makolo ndi aphunzitsi, pulogalamuyi akamadzaibwereza ndiwalole aonere? Nanga mwana wa zaka 9 umamuuza bwanji kuti anthu akuda okhaokha ankagwirana n'kugulitsana, popanda iye kuyamba kudana ndi mtundu wa anzake?

NDEMANGA

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Amayi, musadziimbe mlandu kwambiri. Aloleni aonere koma inu muyambe mwaonera nokha, mudziwe malo oti mudumphe, makamaka pomwe akukwapula anthu. Mukakhala nawo, muziimitsa n'kufunsa kuti wamva chiyani. Chinanso, mapulogalamu ambiri a pa TV amakamba za akapolo amene anawolotsedwa nyanja ya Atlantic kupita ku America, ndiye ana amaganiza kuti ndi nkhani ya kutali. Athu kuno ankapita kum'mawa, atasenza minyanga ya njovu, ulendo wa miyezi mpaka ku Kilwa, kenako Zanzibar. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873 koma kuno malondawa anapitirirabe zaka zoposa 20. Tengani mapu a mu atilasi, mwana aziloza yekha ndi chala kuyambira pa Nkhotakota.

Bambo wa ku Luwinga:
Ine ndili mbali ya amuna anu. Zaka 9 ndi mwana. Wanga anaona zofanana ndi zimenezi, sabata yonse ankadzidzimuka usiku. Muuzeni ndi pakamwa ngati nthano, zithunzizo adzaona akakula.

Mayi wa ku Zolozolo:
Achemwali, ine ndine Myao ndipo mawu amenewa ndinawamva kuyambira ndili wamng'ono, amawawa. Sindikukana mbiri ayi. Mafumu ena monga Makanjira ndi Mponda anachitadi malondawa. Koma muuzeni mwanayo kuti anali mafumu ena ndi ankhondo awo ofuna mfuti, onga ndi nsalu, osati mayi aliyense wa Chiyao amene ankalima munda wake. Ndipo mwachita bwino kukapepesa, ena sakanapita.

Mkulu wina wa ku Karonga:
Mwana wanga, kuno kumpoto nkhaniyi tili nayo pakhomo. Mlozi, wochita malonda a akapolo, anamanga malinga ake ku Mpata, ndipo mu 1887 Angonde ambiri amene anabisala m'mabango ku Kambwe anatenthedwa momwemo. Mloziyo anagonjetsedwa ndi asilikali a Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, n'kupachikidwa mu December 1895. Pa holide kwerani basi mubwere nawo ana ku museum ya ku Karonga. Adzayamba kusangalala ndi mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana, kenako mudzawaonetse mbali ya mbiri ya anthu. Mwana akaponda yekha pamalo amamva mosiyana ndi pa TV. Komanso musaiwale kuwauza za amene anathawa, amene anabisa anzawo ndi amene anamenya nkhondo. Ana asamangoona makolo athu ali m'magoli basi.

Mtsikana wa ku Mchengautuwa:
Anti, mukapanda kumuonetsa inu adzaonera pa foni ya mnzake, popanda womufotokozera.

Mwini funso:
Yewo chomene nonse. Amayi a ku Zolozolo, mawu anu andikhudza, ndawawerenga kangapo. Usiku wathawu ndinakhala naye mwanayo pamphasa kukhitchini tikusenda mbatata. Ndinamuuza kuti ngakhale kwa bambo ake ku Mzimba, Angoni ankagwira Atumbuka ndi Atonga pankhondo, ndipo kwathu ku Nkhotakota mafumu ena a Achewa ankapereka anthu kwa Jumbe. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati mwana anali kumbuyo kwa mayi uja anafika kunyanja ali moyo. Ndinalephera kumuyankha, misozi inali pafupi.

Za TV tagwirizana ndi bambo awo kuti tiyamba taonera awiri, kenako mnyamatayo aonere yonse. Za wamng'onoyu tikukambiranabe. Funso langa latsala ndi ili: ndiwaitane mayi a mnzake uja ndi mwana wawo kuti tidzakambirane pamodzi, kapena ndikhala ngati ndikutokosa chilonda?