Ndikugulitsa injini ya 20 valve yomanga ndekha, koma mtengo ndi mapepala zandiimitsa mutu

Mabwana ndi madona a pagulu pano, ndili ku Salima ndipo ndikufuna nzeru kwa amene munagulitsapo injini yosinthidwa, osati ya wamba.

Injini yake ndi Toyota 4A-GE 20 valve, ija ya chivindikiro chakuda imene amati Blacktop, yochokera mu Levin AE111. Kwa osaidziwa, ndi ya 1.6, silinda iliyonse ili ndi mavavu asanu, atatu olowetsa mpweya, awiri otulutsa utsi, komanso throttle yakeyake. A Toyota ankati imatulutsa mphamvu ya mahatchi 165 (PS) pa 7,800 rpm. Ine ndinaigula itanoka, n'kuiphwasula mpaka bawuti lomaliza. Block tinakaboola ku Lilongwe kuchoka pa 81 mm kufika pa 81.5, mapisitoni ndi a forged ochokera ku Johannesburg, malingi, mabering'i, oil pump ndi timing belt zonse zatsopano. Hedi tinaipala pang'ono, manifold ya utsi anandiwotcherera mnzanga wina pa Kamuzu Road. Panopa ili mu Corolla AE111 yanga ndipo ikulira bwinobwino. Ukaiponda pa msewu wa ku Senga Bay, ikadutsa 5,000 rpm imasintha mawu moti a kabaza amatembenuka.

Ndikugulitsa chifukwa ndikufuna injini ya boti, ndiyambe za usipa ndi alamu anga. Galimotoyo ndibwezeramo injini yake yakale ya 4A-FE, ili pakona m'galaja.

Vuto lili apa. Apezeka anthu awiri oifuna. Woyamba ndi wa ku Blantyre, sitinaonanepo, tikungocheza pa WhatsApp. Mtengo sakunenerera, koma akuti nditsitse injiniyo, ndiikweze pa lole, iye atumiza theka pa Airtel Money, yotsala adzamaliza ikafika n'kuiliza. Wachiwiri ndi mnyamata wa ku Lilongwe, anabwera yekha, anaiyendetsa, anaikonda, koma ndalama yake ndi yochepa kwambiri kuposa imene ndinalowetsa, ndipo akufuna kuonjezerapo njinga yamoto. Akuti akaiika mu KE70, Corolla yakale, yosewerera.

Ndiye ndifunse: mtengo wa chinthu chotere mumauwerengera bwanji, poti zida zambiri ndinagula kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023? Nditsitse kaye kapena ndigulitse ili m'galimoto? Nanga nambala ya injini ku Road Traffic zimakhala bwanji? Chonde oti "ingogulitsani galimoto yonse" mundikhululukire, body imeneyi sindikugulitsa.

Makaniko wa ku Dwangwa: Achimwene, musaitsitse. Injini ikatsitsidwa n'kukhazikidwa pa thayala ndi chitsulo chabe, aliyense amaipatsa mtengo wa sikirapu. Wogula abwere m'mawa isanalizidwe, agwire block aone kuti ndi yozizira, muilize iye ali pompo. Blacktop imadziwika ndi pulley ya VVT, ija yosintha nthawi yotsegukira mavavu, ikatha imagogoda ngati dizilo injini ikangolira payokha, ndiye munthu wodziwa adzafuna kumva zimenezo. Kenako muchotse mapulagi onse anayi, muyeze compression throttle ili yotsegula, silinda iliyonse muijambule vidiyo geji ikuoneka. Chofunika si nambala yaikulu ayi, koma kuti masilinda anayiwo asasiyane kwambiri. Mukatero mukwere naye zitunda za msewu wa ku Lilongwe masana dzuwa lili pamutu, aone yekha kuti siwira.

Wolemba funso: Pulley ili chete, madala. Geji ya compression ndibwereka mawa.

Membala wa ku Area 25: Wa ku Blantyre uyo mumusiye. Theka lotsalalo mudzaliona kumwamba. Ikafika adzati ikutulutsa utsi, ikudya oyilo, bwezani ndalama, pamene waiika ndi makaniko wa pansi pa mtengo amene wasokoneza mawaya. Ngati ndalama ali nayodi, Salima si kunja kwa dziko, akwere basi. Ndipo ndalama ilowe ku banki muione pa akaunti panu, osati uthenga wa pa foni umene wakutumizirani iyeyo.

Mayi wogulitsa masipeyala ku Lilongwe: Bwana, ndikuuzeni zimene simukufuna kumva. Ndalama imene munalowetsa sibwera yonse, ngakhale muwerengere pa kwacha ya lero. Wogula salipira thukuta lanu. Iye amafunsa kuti Blacktop yosatsegulidwa yochokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam kapena ya ku South Africa, kumene inkabwera mu Corolla RSi ndi RXi, ingamufikire pa zingati ndi msonkho wa MRA womwe. Poyambira panu ndi pamenepo. Pamwamba pake muonjezere za mapisitoni ndi zina zatsopanozo, koma zokhazo zimene muli ndi malisiti ake. Kuno kwathu anthu akamva kuti injini inatsegulidwapo amachotsera mtengo m'malo moonjezera, chifukwa ambiri anapwetekedwapo ndi ma overhaul a bodza. Malisiti a kumene munaboolera block muli nawo?

Wolemba funso: A mapisitoni ndi a kobowolera ndili nawo, mayi. Zithunzi za ntchito yonse zilinso mu foni, kuyambira crank ili pa tebulo.

Mayi wogulitsa masipeyala ku Lilongwe: Ndiye muli pabwino kuposa ambiri. Zithunzizo muziike poyera, osati kumangoti inbox.

Membala wosadzitchula dzina: Mnyamata wa KE70 uja mumuuze zoona asanalipire, apo ayi mudzadana. Blacktop inapangidwira galimoto yokoka ndi mateyala akutsogolo, imakhala mopingasa. KE70 imakankha ndi akumbuyo, injini imakhala mowongoka. Akaitembenuza choncho distributor, imene ili kumbuyo kwa hedi, imakagunda chitsulo cha kutsogolo kwa dashibodi, ndipo mapaipi a madzi nawo amatulukira komweko. Afunika kusintha njira ya madzi, kuthana ndi distributor, kupeza giyabokosi ina monga T50, ndi kupanga manifold yatsopano chifukwa yanuyo sikwana. Munthu amene akuperewera ndalama ya injini yokha, zonsezi adzazitha? Injini yanu idzakhala chaka pansi pa mango itafunditsidwa lona.

Dalaivala wa Sienta, Salima-Nkhotakota: Akulu, injini ya mpikisano pa M5 pano mumathamangira kuti? Ife timafika nanu limodzi pa Benga tili ndi anthu khumi ndi matumba a mpunga.

Wolemba funso: N'chifukwa chake ndikupita pa nyanja, bigi, kulibe maenje.

Membala wa ku Senga Bay: Hedi ya mavavu asanuyo ndi nzeru za Yamaha, ndiye mukuchoka pa Yamaha kupita pa Yamaha Enduro. Takulandirani ku usipa.

Bambo wina wa ku Nkhotakota boma: Za mapepala palibe wayankha. Nambala ya injini imakhala m'kaundula wa galimoto ku Road Traffic, ndipo popanga COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, akhoza kuiyang'ana. Choyamba, pamene munaika Blacktop munakasinthitsa? Ngati munatero, mukabwezera 4A-FE mukasinthitsenso. Ngati simunatero, 4A-FE ija ikabwerera galimoto yanu igwirizana ndi blue book, koma wogulayo adzafunika umboni wa kumene injiniyo inachokera. Lembani kalata yogulitsana yokhala ndi nambala ya injini, manambala a ziphaso zanu za dziko, mboni ziwiri, mumupatsenso kope la lisiti limene munaigulira. Mukafunse nokha pa kauntala zimene akufuna masiku ano, osadzera mwa madobadoba a panja. M'kalatamo mulembenso kuti ikachoka pakhomo panu mulibenso mlandu. Hedi yopala imakweza compression, munthu akathira petulo wa m'zigubu wosakaniza ndi parafini, sabata siitha. Ndipo mugulitse pamodzi ndi kompyuta bokosi, mawaya ake onse ndi MAP sensor, kachipangizo koyeza pressure ya mpweya wolowa mu injini. Za Silvertop, 20 valve inzake ya chivindikiro cha siliva, sizigwirizana nayo, ija imagwiritsa airflow meter m'malo mwake.

Wolemba funso: Zikomo kwambiri mabwana. Wa ku Blantyre ndamuuza kuti abwere adzaione ili m'galimoto, wawerenga koma sanayankhe. Mnyamata uja ndamutumizira za distributor, akuti akafunsa makaniko wake. Vidiyo ya compression ndiika pano Loweruka pamodzi ndi mtengo. Funso lina: flywheel yopepuka ndi clutch ndiphatikize pamtengo womwewo, kapena ndigulitse pazokha?