Aphunzitsi 26 ku Nkhata Bay Loweruka, pulogalamu ikukana kukwana

Gift: Anzanga thandizeni msanga, mutu waima. Ndili ndi gulu la aphunzitsi 26 Loweruka likubwerali, kupita ku Nkhata Bay n'kubwerera tsiku lomwelo. Coaster ndapereka kale deposit. Akufuna boti kukaona nkhwazi, kusambira ku gombe la Chikale, nkhomaliro ya nsomba ya batala, kenako ati tikathere ku Chintheche ndi kanyenya, koma 6 koloko akhale ali mu Mzuzu. Mwini boti akuti amanyamula 12 ulendo umodzi. Ndalemba n'kufufuta katatu konse. Ndiyambe ndi chiyani?

aMhone: Boti m'mawa. Uno ndi July, mwera uli pachimake. Dzuwa likangokwera nyanja imayamba kutukusira, masana simungakweze munthu amene sanakwerepo boti.

NyaChirwa: Achimwene, Chintheche ichotseni. Kuchoka pa Nkhata Bay kukafika kumeneko ndi makilomita ngati 40, ndipo pa esiteti ya Vizara aphunzitsiwo adzakuimitsani kuti agule mipira ya labala ija ana amagulitsa m'mbali mwa msewu. Akatsika Coaster anthu 26, kuti akwerenso onse ndi mphindi 30. Mukafika ku Chintheche dzuwa litapendeka, makala asanakolere n'komwe muzidzati tiyeni.

Gift: Ndawauza zimenezo koma mkulu wa komiti yawo wakakamira. Akuti chaka chatha anzawo adapita konseko.

NyaChirwa: Afunseni kuti anzawowo adafika nthawi yanji kunyumba.

Wongani: Ine chimene chidandipweteka ndi nkhomaliro. Ndidapita ndi kwaya ya amayi, ndidangoimba foni m'mawa kuti tikubwera anthu 20, tikonzereni batala. Tikufika 12 koloko, mnyamata wa kukhitchini ndiye akunyamuka kukafuna nsomba kudoko. Usiku umenewo asodzi sadalowe m'madzi chifukwa cha mphepo. Tidadya cha m'ma 3, theka nkhuku theka usipa, amayi ena a shuga akunjenjemera ndi njala. Mpaka lero mpingo umenewo sundiimbiranso. Lipirani chakudya Lachinayi, muwauze nambala ya mbale, ndipo mugwirizane kuti batala akasowa aphike chiyani.

aMhone: Mwamva? Mphepo yomweyo. Boti m'mawa. Nyamukani pa Katoto mu Mzuzu 6 koloko, msewu ndi wabwino tsopano, pasanathe ola muli pa doko. Maulendo atatu a boti athe isanakwane 11.

Gift: Madala, aphunzitsi Loweruka 6 koloko? Ndikawauza 6 afika 7:30. Ndimaganiza ayambe asambira, adye, boti 2 koloko.

aMhone: 2 koloko mu July? Mutenge ndowa za masanzi. Ndayenda pa nyanja imeneyi inu musanayambe sukulu.

Esnart: Palibe amene wafunsa za ma life jacket. Akuti amanyamula 12, nanga majekete ali nawo angati? Osamva za pafoni, pitani mukawawerenge nokha, muone ngati zingwe zake zikumanga. Ena amakuonetsani mulu, mukatola mupeza atatu ndi a ana. Komanso pa Nkhata Bay si pa Senga Bay pamene munthu amayenda m'madzi mtunda wautali akadali m'chiuno. Kuno mukachoka pamchenga pang'ono kwayamba kuya. Anthu athu ambiri amati amatha kusambira chifukwa adasewerapo mumtsinje wa Lunyangwa ali ana.

Wongani: Ndipo cooler box ikhale yokiya mpaka onse atatuluka m'madzi. Ine ndidavuulapo bambo wina atamwa, adalumpha pathanthwe kutsanzira anyamata a konkuja. Ndidakwera naye kupita kuchipatala ku Mkondezi atang'ambika phazi. Dalaivala naye muzimuyang'ana, anthu amamupatsa botolo mwachifundo, pamene akubwerera ndi mtunda wokhotakhota uja madzulo.

NyaChirwa: Mwapitako liti komaliza ku Chikale? Chichokereni 2024 pamene nyanja idadzaza, magombe ena mchenga udachepa. Musawalonjeze mpira wa pamchenga musanaone malo.

Gift: Sindinapiteko chaka chino. Nanga amene akudikira boti azitani? Anthu 14 atangokhala pagombe ayamba kundidandaulira.

Esnart: Poti ndi aphunzitsi, atengereni ku chikumbutso cha anthu amene adaomberedwa pa doko pa 3 March 1959. Amaphunzitsa za Martyrs' Day chaka ndi chaka koma ambiri malowo sanawaone. Pezani munthu wa konko wodziwa kufotokoza, musalankhule nokha zinthu zoloweza. Ena akagule zosemasema. Koma muwapatse nthawi yeniyeni yokumana, ndipo muwerenge mitu, osafunsa kuti tonse tilipo. Aliyense amayankha eya.

aMhone: Zonsezo zichitike, koma boti m'mawa.

Wongani: Tamva madala. Gift, nsima mwaitanitsa yanji? Ku Nkhata Bay osadya kondowole ndiye mwapitiranji?

NyaChirwa: Ayi aWongani, anthu osazolowera kondowole imawalemera m'mimba, agona m'Coaster njira yonse. Aphike zonse ziwiri.

Wongani: Akagona ndiye bwino, safunsanso za Chintheche.

Esnart: Wina ali ndi nambala ya mwini Coaster wina? Yanga ya Lamlungu yandigwiritsa fuwa lamoto, akuti gearbox.