Mwana wanga akufuna ntchito ya ugemu, ndimulole?

Admin ndibiseni dzina chonde. Ndine mayi, kwathu ndi kufupi ndi mpanda wa nkhalango ya Nkhotakota. Mnyamata wanga anakhoza MSCE ndipo wakakamira zolowa ntchito yolondera nyama. Akumadzuka tambala woyamba kukathamanga, ati akukonzekera. Bambo ake angoti zili kwa mwiniwake.

Ntchitoyo sindikuinyoza ayi. A bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks asanayambe kuyendetsa nkhalangoyi limodzi ndi boma mu 2015, njovu zinatsala zosakwana 100. Mu 2016 ndi 2017 anabweretsa zina pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, ndipo sizikanakhalapo mpaka lero popanda anthu ogona kutchire kuzilondera.

Chondisowetsa tulo ndi china. Agemu amene ndinkawaona ndili mtsikana anali alendo kwathu, tinkangowaopa basi. Koma uyu ndi mwana wa pamudzi. Malume ake enieni, alongo anga, mpasa ikamakwera mu mtsinje wa Bua m'nkhalangomo kukaswana sagona pakhomo, amakaipha mozemba. Lamulo analikhwimitsa mu 2017, milandu ikuluikulu ya nyama imafika zaka 30 kundende. Ndiye akadzakumana nawo kumtsinjeko adzatani? Akawagwira, pamaliro adzakhala pati? Amene mukuidziwa ntchitoyi ndithandizeni nzeru.

Mayankho

Mayi, amuna anga ndi a ranger. Akalowa patrol amatha masiku, chikwama kumsana, mfuti paphewa, kuzula makhwekhwe a waya m'njira za nyama. Amabwera mapazi atachita matuza, nkhupakupa zili mbwee. Ine ndinazolowera, koma foni ikalira usiku mtima umaima. Ngati mwana akuifuna ndi mtima wonse mulekeni.

Vuto apa si mwana, ndi alongo anuwo. Akhazikeni pansi. Mpasa akuiphera pokaswana, nanga adzukulu adzadya chiyani?

Achimwene, kuyankhula n'kosavuta muli m'tauni. Njala ya m'February mumaidziwa inu?

Amayi, ngati ndalama ilipo ayesenso sukulu ya zankhalango ndi nyama ku Dedza, pepala limathandiza. Koma wina akakuuzani kuti perekani kangachepe mwana alembedwe, thawani, ndi akamberembere amenewo. Dikirani alengeze okha.

Mwini funso: Zikomo nonse. Za ku Dedza sindimadziwa, ndifunsa. Koma za malumezi palibe wandiyankha bwinobwino. Alipo pano amene anagwirako m'bale wake? Kumudzi munabwererako bwanji?