Webusayiti imadziwa bwanji zomwe ndimafuna?

Mlimi_Ngabu: Akuluakulu, ukangoyang'ana mtengo wa pampu ya sola pa webusayiti, mawa lake Facebook yadzaza ndi mapampu okhaokha. Amauzana?

WakuNchalo: Eya bambo, amauzana. Masamba ambiri amaika kachidutswa ka pulogalamu ya eni ake a Facebook kotchedwa Meta Pixel. Mukangotsegula, kamatumiza ku Facebook tsamba lomwe mwaona ndi nthawi yake, ndipo ma cookie, timafayilo tomwe mawebusayiti amasiya mufoni, amathandiza kukuzindikirani kuti ndinu. IP address, nambala yomwe foni yanu imaonekera nayo pa intaneti, nayo imalembedwa, koma pa Airtel kapena TNM kawirikawiri siiloza ku Ngabu kwenikweniko. Choloza pakhomo penipeni ndi GPS, choncho akapempha Location, kanani.

MayiBangula: Kuti muchepetse kulondoledwaku, pa Chrome lowani Settings, Privacy and security, Third-party cookies, musankhe Block. Sizitseka zonse ayi. Incognito, njira ija yotsegula masamba mwachinsinsi pa Chrome, isakunamizeni, imangobisa mbiri mufoni mwanumo, webusayiti ikukuonanibe.

Choopsa zedi ndi mafomu a "ngongole yachangu" ofuna chithunzi cha chiphaso cha Unzika ndi nambala ya Mpamba. Zimenezo mwapereka ndi manja anu, kufufuta ma cookie sikungazibweze.

WakuNchalo: Lamulo la Data Protection la 2024 limakulolani kufunsa zomwe akusunga ndi kupempha azifufute. Akakana, kadandauleni ku MACRA.