Nkhani ija ya jenereta ndi getsi la aneba, pomwe yafika

Paja ndinafunsa zija ngati lamulo lingandithandize pa jenereta ya aneba yomwe imalira usiku onse komanso getsi lawo lapampanda lowala mpaka kuchipinda kwanga, ndiye zikomo nonse munayankha.

Kukhonsolo anandiuza kuti za phokoso zili m'malamulo awo koma kungonena kuti "zikundisokoneza" sikukwanira, amafuna ulembe tsiku, nthawi yomwe layamba ndi yomwe lasiya. Ka app koyeza ma decibel (muyeso wa kukula kwa phokoso) pafoni anati ndikongokupatsa chithunzithunzi basi, umboni weniweni ndi makina awo. Ndinapezanso kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 1999 linati mchipinda chogona phokoso losalekeza lisamapose ma decibel 30 usiku, ngakhale amenewo ndi malangizo chabe osati lamulo, ndiye osapita nawo kwa aneba ngati chikwapu ayi.

Za getsi ndiye zinavutirapo, malamulo ake ndi osamveka bwino, munthu akangoti ndi la chitetezo nkhani imakhala ngati yathera pompo. Chinathandiza ndi kukambirana basi. Bambo aneba aja sankadziwa nkomwe kuti limandiwalira, analiweramitsa kuti liziloza pansi nkuikapo sensa yoti liziyaka pokhapokha munthu akadutsa, ndipo kunena zoona pabwalo pawo pakuoneka bwino kuposa kale chifukwa lija limangothobwa mmaso.

Jenereta ndiye ikadalipo. Akuti aimangira kanyumba ndi kuika mphira pansi pake kuti isamanjenjemeretse khoma, ine ndawakumbutsa kuti asiye potulukira utsi poti mpweya wa carbon monoxide wamu utsiwo umapha. Pakadali pano ndikulembabe nthawi zija mkabuku, dandaulo sindinakapereke.