Bwalo liti loterapo ndege yaing'ono ku Mangochi tikafuna kukagona m'matenti?

Wamtengatenga: Abale odziwa za ndege, ndithandizeni. Tili anthu awiri, ndege ya Cessna 172, njinga zakapalasa ziwiri za m'mapiri ndi tenti. Tikufuna kutera ku Mangochi mu Okutobala, tikwere mapiri ndi kupalasa. Titere pa Club Makokola, Monkey Bay, kapena pa bwalo la Mvuu ku Liwonde? Kodi tiyang'ane chiyani posankha?

Che Mwera: Achimwene, bwalo musalisankhe poona ngati mungaterepo. Funso ndi lakuti mudzanyamukapo bwanji ndi katundu yense. Kunyanja kuno n'kotsika, mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja yamchere, ndiye ambiri amatayirira. Koma Okutobala masana kutentha kumafika madigiri 35, mpweya umapepuka, ndege n'kumakoka ngati ili pa mamita 1,300. Injini imafooka, mapiko sanyamula msanga.

Tengani mtunda wonyamukira umene buku la ndege yanu likunena pa kutentha kumeneko ndi kulemera kwanu, wopitirira chopinga cha mamita 15. Pa udzu wouma onjezani 20 peresenti, wonyowa 30, kenako chulukitsani ndi 1.33 kuti mukhale ndi mpata wa chitetezo. Buku likati mamita 500, pa udzu wouma mukufunika 800. Mukafika pakati pa bwalo liwiro lisanakwane 70 peresenti ya lonyamukira, tsekani mafuta muime. Chizindikiro cha pakatipo chiikeni muli pansi, mutayenda bwalo lonse ndi miyendo. Ndipo nyamukani mamawa dzuwa lisanakwere, osati cha m'ma 2 koloko masana.

Mai Avgas: Werengani makilo. Anthu awiri 160, njinga 30, za kumsasa 40, madzi malita 20. Pafika 250. Avgas, mafuta a ndegeyi, amalemera makilo 0.72 pa lita, choncho malita 150 ndi makilo 108. Ma Cessna 172 ambiri amanyamula makilo cha m'ma 400 kuphatikiza mafuta, ena osafika, ndiye mwatsala pang'ono. Musayembekeze kugula mafuta pa bwalo la m'tchire, mubwere ndi obwererera omwe. Njinga muzichotse matayala ndi mapedulo, mukulunge tcheni, muzimange zolimba. Njinga ikaterereka kupita kumchira ponyamuka, mphuno imadzuka yokha. Onaninso malire a kulemera kwa malo a katundu kumbuyo, alembedwa pakhomo pomwepo.

Kapalasa wa ku Namwera: Mvuu ichotseni pa mndandanda ngati cholinga ndi njinga. Ndi m'kati mwa paki yomwe a bungwe la African Parks akuyang'anira kuyambira 2015, muli njovu ndi mikango, ndipo sayendamo wapansi popanda mlonda wa mfuti. Nkhalango ya Mangochi Forest Reserve inalowanso m'manja mwawo mu 2018, ndiye kukwera kukaona mabwinja a Fort Mangochi muyambe mwafunsa chilolezo.

Ine ndingasankhe Monkey Bay. Mukapalasa pang'ono mwalowa msewu wa Cape Maclear, wodutsa pakati pa mapiri a miyala a Lake Malawi National Park mpaka ku Chembe, komwe malo okhomapo tenti ndi osasowa. Makokola ili m'mbali mwa msewu wa M10, pachidikha, mapiri ali patali. Minga ya mthethe ndi yambiri, thirani sealant, mankhwala otseka mabowo, m'matayala, mutenge machubu awiri aliyense. Neti musaiwale, udzudzu wa kunyanja ndi wa malungo.

Che Mwera: Bwalo lililonse, imbirani eni ake dzulo lake. Afunseni kuti udzu anatchetcha liti, pali chulu kapena maenje, ndani athamangitse mbuzi ndi ng'ombe. Musanatere dutsani pamwamba kaye muone nokha, chifukwa mabwalo opanda mpanda anthu amadutsamo ndi njinga. Nyengo imeneyo utsi wa moto wa tchire umaphimba mapiri, koma womwewo ukuuzani kumene mphepo ikuchokera. Ndege muimange pa mapiko onse ndi kumchira. Pa mchenga zichiri zowongoka zimazuka, khomani zitatu mopingasa malo alionse, ndipo mupeze mlonda kudzera kwa eni bwalo kuti ana asamakwere pa mchira.